Ndemanga pa States of Matter ya PhET: imaonetsa mamolekyu momveka, koma siwerengera kutentha kobisika

Munthu akamaona ayezi akusungunuka kapena madzi akuwira, maso amamuuza chimene chachitika koma samuuza chifukwa chake, pakuti kusintha konseko kumayambira pa tinthu ting'onoting'ono timene ngakhale maikulosikopu wamba sangationetse. Pulogalamu ya States of Matter, imene inakonzedwa ndi gulu la PhET la pa yunivesite ya Colorado Boulder ku America, inapangidwira vuto limeneli. Imajambula maatomu ndi mamolekyu pa sikirini ngati timipira tamitundumitundu tili m'chidebe, kenaka imam'patsa munthu moto, ayezi, pampu ndi chivundikiro kuti aziwatenthetsa, kuwaziziritsa ndi kuwapanikiza mmene angafunire. Pa ntchito yoonetsa mmene tinthuti timakhalira ndi mmene timayendera m'zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya, ine ndikuona kuti palibe chithunzi cha m'buku chimene chingaipose. Koma pa funso lakuti mphamvu ya kutentha imapita kuti pamene chinthu chikuchoka mu mkhalidwe wina kulowa mu wina, limene ndilo phata la mutu umenewu, pulogalamuyi siyankha kanthu, ndipo mphunzitsi amene sakudziwa zimenezi akhoza kuganiza kuti waphunzitsa zonse pamene wangofika pakati.

Ntchito ya PhET inayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, katswiri wa fizikisi amene mu 2001 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Eric Cornell ndi Wolfgang Ketterle. Mphotoyo inali ya mkhalidwe watsopano wa zinthu: mu 1995 Wieman ndi Cornell anaziziritsa maatomu a rubidium mpaka kutsala pang'ono zedi kufika pa kuzizira kotsiriza, kumene ndi −273.15 °C, ndipo maatomuwo anayamba kuchita zinthu ngati atomu imodzi yaikulu, monga mmene Albert Einstein analoserera m'ma 1920 potengera masamu a Satyendra Nath Bose. Mkhalidwe umenewo mulibe m'pulogalamuyi, imene imangokamba za mikhalidwe itatu yodziwika bwino, komabe mbiriyi ikusonyeza kuti anthu amene anayambitsa ntchitoyi nkhani ya mikhalidwe ya zinthu ankaidziwa mozama.

Pulogalamuyi ili ndi zigawo zitatu, ndipo choyamba, chotchedwa States, ndicho chimene anthu ambiri adzathera nthawi yaitali. Munthu amasankha chimodzi mwa zinthu zinayi, neoni, agoni, okosijeni kapena madzi, kenaka amadina batani la cholimba, la chamadzimadzi kapena la mpweya. Pa cholimba, maatomu amakhala atandandalika mwadongosolo, atayandikana kwambiri, ndipo chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri n'chakuti sakhala phee ayi, amangonjenjemera aliyense pamalo pake osasiyana ndi anzake oyandikana nawo. Mukakweza moto pansi pa chidebecho, kunjenjemerako kumakula mpaka mizere ija imasokonekera, maatomu n'kuyamba kuterereka ndi kusinthana malo ali chikhalirecho moyandikana. Mukapitiriza kutenthetsa, amabalalika n'kudzaza chidebe chonse, akugundana okhaokha ndiponso akumenya makoma. Pali batani loimitsira zonse ndi lina loyendetsera pang'onopang'ono, ndipo mabatani awiriwa ndi ofunika kwambiri kwa munthu amene akufuna kutsatira atomu imodzi yokha n'kuona mmene ikuchokera pagulu.

Phindu lalikulu la chigawo chimenechi lili pa chinthu chimene sichisintha. Molekyu ya madzi imene ili mu ayezi imaoneka chimodzimodzi ndi imene ili mu nthunzi: atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidirojeni, kukula kwake sikusintha, ndipo simathyoka pamene madzi akuwira. Ophunzira ambiri amakhala ndi maganizo akuti mamolekyu enieniwo ndiwo amasungunuka, kapena kuti amafufuma akatenthedwa, kapena kuti madzi akawira amagawika n'kukhala mpweya wa okosijeni ndi wa haidirojeni. Mphunzitsi akhoza kutsutsa maganizo amenewa ndi mawu kwa ola lathunthu osaphula kanthu, koma wophunzira akadzionera yekha kuti chimene chasintha ndi mtunda wa pakati pa mamolekyu, dongosolo lawo ndi liwiro lawo basi, nkhaniyo imakhazikika. N'chimodzimodzinso ndi funso lakuti pakati pa mamolekyu a mpweya pali chiyani. Pa sikirini pamaoneka mpata wopanda kanthu, ndipo limenelo ndilo yankho loona, ngakhale kuti ambiri amafulumira kunena kuti pali mpweya, kuiwala kuti mpweyawo ndi mamolekyu omwewo.

Kasankhidwe ka zinthu zinayizi n'kanzeru kuposa mmene kamaonekera poyamba. Neoni imasungunuka pa −248.6 °C n'kuwira pa −246 °C, kutanthauza kuti imakhala yamadzimadzi pa kampata ka madigiri osakwana 3. Agoni imasungunuka pa −189 °C n'kuwira pa −186 °C. Okosijeni imasungunuka pa −219 °C n'kuwira pa −183 °C, pamene madzi, monga aliyense akudziwira, amasungunuka pa 0 °C n'kuwira pa 100 °C. Tsono molekyu ya okosijeni ndi yolemera kuposa ya madzi, 32 poyerekeza ndi 18 pa sikelo ya kulemera kwa maatomu, choncho munthu amene amaganiza kuti kulemera ndiko kumachititsa chinthu kuvuta kuwira amagwa m'vuto nthawi yomweyo. Chimene chimalamulira ndi mphamvu imene tinthuto timakokerana nayo. Maatomu a neoni amakokerana mofooka kwambiri moti kutentha pang'ono chabe kumawabalalitsa, pamene molekyu ya madzi, chifukwa cha kupindika kwake pa ngodya ya madigiri 104.5 ndiponso chifukwa chakuti okosijeni imakokera maelekitironi kumbali yake, imakhala ndi mbali ina ya magetsi a pozitivu ndi ina ya negetivu, ndipo imagwirana ndi inzake mwamphamvu. Pulogalamuyi silemba mfundo imeneyi paliponse, koma imaika umboni wake pamaso pa munthu amene akuyang'ana choyezera kutentha uku akusintha zinthuzo.

Madzi oundana ndiwo malo amene okonza anaikirapo mtima kwambiri. Pa neoni, agoni ndi okosijeni, cholimba chimakhala chothithikana kuposa chamadzimadzi, koma mukadina batani la cholimba pa madzi, mamolekyu amagwirana mosiya mipata pakati pawo, ndipo mulu wonse umatenga malo aakulu kuposa pamene unali wamadzimadzi. Zimenezi n'zoona: madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndiye chifukwa chake ayezi amayandama, mapaipi amaphulika m'nyengo ya chisanu choopsa, ndipo miyala imang'ambika madzi akaundana m'ming'alu yake. Madzi amakhala othithikana kwambiri pa 4 °C, ndipo chifukwa cha zimenezi nyanja imayamba kuundana pamwamba, pansi n'kutsala madzi amene nsomba zimapulumukiramo. M'chilengedwe, mamolekyu a ayezi amapanga mphete za mbali 6 zolumikizana mbali zonse, m'mwamba, m'munsi ndi m'mbali, ndipo molekyu iliyonse imagwirana ndi zinzake zinayi. Sikirini yafulati singathe kusonyeza zimenezi molondola, choncho chimene munthu amaona ndi chithunzithunzi chabe cha dongosolo lenilenilo. Ngakhale zili choncho, mfundo yaikulu, yakuti pali mipata, imamveka bwino lomwe.

Chinthu china chimene pulogalamuyi imachita bwino, mwina mosayembekezeka, ndi kusonyeza kuti madzi sadikira kufika pa 100 °C kuti ayambe kusanduka nthunzi. Mukasiya chamadzimadzi chili chomwecho osakhudza moto, mumaona molekyu imodzi ya pamwamba ikugundidwa mwamphamvu ndi zinzake n'kuthawira m'mwamba, n'kuzungulira m'chidebemo kwa kanthawi, kenaka n'kubwereranso n'kugwidwa ndi gulu. Apa munthu amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mamolekyu onse sathamanga pa liwiro lofanana, ndiponso kuti m'chidebe chotseka kusanduka nthunzi ndi kubwerera kukhala madzi zimachitika limodzi mpaka ziwirizo zitalingana. Kuthawa kwa mamolekyu a pamwambaku ndiyo njira imene chovala chonyowa chimaumira ngakhale kunja kukuzizira. Kuwira kwenikweni, kumene nthunzi imapanga thovu mkati mwa madzi momwemo osati pamwamba pokha, sikuoneka bwino, chifukwa mamolekyu ake ndi ochepa kwambiri moti thovu silingapangike. Mphunzitsi ayenera kuwonjezera yekha kuti m'thovu la madzi owira muli nthunzi ya madzi, ndiponso kuti nthunzi yeniyeni sioneka ndi maso. Utsi woyera umene umakwera pamwamba pa madzi owira ndi timadontho ta madzi timene tapangika nthunziyo itakumana ndi mpweya wozizira.

Chigawo chachiwiri, Phase Changes, chimawonjezera pampu yolowetsera mamolekyu ena m'chidebe, chala chokankhira chivundikiro pansi, ndi geji yoyezera kupanikiza. Gejiyo imawerenga mu atm, ndipo 1 atm ndi kupanikiza kwa mpweya wa dziko lapansi pagombe la nyanja yamchere. Kuno wophunzira amazindikira msanga kuti kupanikiza kwa mpweya si chinthu chachilendo ayi, ndi kumenya kosalekeza kwa mamolekyu pa makoma: mukawonjezera mamolekyu, mukawatenthetsa kapena mukachepetsa malo awo, amamenya kawirikawiri ndipo muvi wa geji umakwera. Mukapitirira muyeso, chivundikiro chimauluka ndipo mamolekyu amathawira kunja. Ana amakonda kwambiri mbali imeneyi, ndipo m'kalasi mphunzitsi angachite bwino kuwalola kuti aphulitse chidebecho pachiyambi penipeni, kuti chidwi chimenecho chithe asanayambe kufunsidwa mafunso ofunika.

Mfundo imene chigawochi chimatsegulira njira ndi yakuti mlingo umene chinthu chimawirira sudalira chinthucho chokha. Pamwamba pa phiri la Everest, pamene kupanikiza kwa mpweya kuli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene kuli pagombe, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 70, pamene mu poto wotsekeka wophikira ndi mphamvu ya nthunzi, mmene kupanikiza kumafika pafupifupi 2 atm, amawira cha pa 120 °C. Firiji nayo imagwira ntchito potengera mfundo yomweyi: makina ake amapanikiza mpweya wina wake mpaka utasanduka wamadzimadzi kunja kwa bokosi, kenaka amaumasula mkati kuti uwire pa mlingo wozizira kwambiri n'kutenga kutentha kwa zimene zili m'bokosimo.

Pambali pa chidebe pali tchati chosonyeza mkhalidwe umene chinthu chimakhala nawo pa kutentha ndi kupanikiza kosiyanasiyana, ndipo kadontho kofiira kamayenda pa tchaticho mukamasintha zinthu. Malo awiri alembedwa mayina. Oyamba ndi pamene mikhalidwe yonse itatu imakhalira limodzi, ndipo pa madzi malo amenewa ali pa 0.01 °C ndi kupanikiza kwa pafupifupi 0.006 atm. Pansi pa kupanikiza kumeneku madzi amadzimadzi sangakhalepo, ayezi amangosanduka nthunzi mwachindunji. Malo achiwiri ndi pamene kusiyana kwa chamadzimadzi ndi mpweya kumathera, ndipo pa madzi ndi pa 374 °C ndi kupanikiza kwa pafupifupi 218 atm. Charles Cagniard de la Tour ndiye anayamba kuona zimenezi mu 1822, ndipo Thomas Andrews wa ku Belfast anazifotokoza mwatsatanetsatane mu 1869 atafufuza kaboni dayokisaidi, imene singasandutsidwe yamadzimadzi ikatentha kupitirira 31 °C ngakhale mutaipanikiza motani. Tchatichi chilibe manambala m'mbali mwake, choncho chimangopereka chithunzi cha mmene malire amayendera. Ine ndikanakonda kuti kaboni dayokisaidi ikhale chinthu chachisanu pa mndandandawo, chifukwa ndiyo chitsanzo chodziwika bwino cha cholimba chimene chimasanduka mpweya osadutsa pa chamadzimadzi, pa −78.5 °C, popeza kuti ikhale yamadzimadzi pamafunika kupanikiza koposa 5 atm. Popanda chitsanzo chimenechi, kusintha kwa mtundu umenewu, pamodzi ndi kobwerera kwake kumene nthunzi imasanduka cholimba mwachindunji monga zimachitikira chisanu choyera chikamapangika pa galasi lozizira kwambiri, kumangoonekera mwa apo ndi apo ndipo wophunzira akhoza osakuzindikira n'komwe.

Tsopano tifike pa chimene chikusoweka. Mukaika choyezera kutentha mu ayezi wophwanyidwa n'kuyamba kutenthetsa pang'onopang'ono uku mukutakasa, mlingo umakwera mpaka 0 °C n'kuima pomwepo. Moto ukupitiriza kuyaka, mphamvu ikulowabe, koma choyezeracho sichisuntha mpaka ayezi yense atasungunuka. Pambuyo pake chimakweranso mpaka 100 °C n'kuimanso kachiwiri, ndipo ulendo uno chimaima nthawi yaitali kwambiri, mpaka dontho lomaliza litauma. Joseph Black, amene ankaphunzitsa ku Glasgow, ndiye anafotokoza zimenezi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1760, ndipo mphamvu imene imalowa popanda kukweza choyezera anaitcha kutentha kobisika. Iye anaona kuti chipale chofewa chikanakhala kuti chimasungunuka chonse nthawi imodzi mpweya ukangotentha pang'ono kupitirira mlingo wosungunukira, bwenzi mitsinje ikusefukira moopsa kumapeto kwa nyengo iliyonse yachisanu, ndipo popeza zimenezi sizichitika, payenera kukhala mphamvu yambiri imene kusungunukako kumameza.

Manambala ake ndi aakulu ndithu. Kuti galamu imodzi ya ayezi amene ali kale pa 0 °C isungunuke pamafunika majulo 334 (julo ndi muyeso wa mphamvu), ndipo mphamvu yomweyo ikhoza kutenthetsa galamu imodzi ya madzi kuchoka pa 0 °C kufika pa 80 °C. Kuti galamu imodzi ya madzi amene ali kale pa 100 °C isanduke nthunzi pamafunika majulo pafupifupi 2,260, kuposa kasanu mphamvu yonse imene inafunika kuwatenthetsa kuchoka pa 0 °C kufika pa 100 °C, imene ndi majulo pafupifupi 418. Mphamvu imeneyi siwonjezera liwiro la mamolekyu, ndiye chifukwa chake choyezera sichikwera. Ntchito yake ndi kulekanitsa mamolekyu amene akukokerana. Ndipo sitayika, imabwezedwa yonse pamene kusinthako kukubwerera. Ichi ndicho chifukwa chake nthunzi imawotcha khungu moopsa kuposa madzi owira ngakhale zonse zili pa 100 °C, thukuta limaziziritsa thupi likamauma, ndipo mitambo ya mvula yamkuntho imapeza mphamvu pamene nthunzi ikusanduka madontho m'mwamba. Firiji imene ndaitchula ija ikanakhala yopanda ntchito pakanapanda kutentha kobisika.

Mu States of Matter mulibe zimenezi. Mukagwira chotenthetsera osachisiya, nambala ya pa choyezera kutentha imangokwerabe pamene cholimba chikusungunuka ndi pamene chamadzimadzi chikusanduka mpweya, popanda kuima koonekeratu kumene Black anakufotokoza. Chotenthetseracho chimakweza mlingo wa kutentha mwachindunji m'malo mothira mphamvu yoyezeka, ndipo palibe paliponse pamene pamalembedwa majulo amene alowa. Okonza ake sabisa zimenezi, pakuti m'malangizo awo a aphunzitsi ananena kuti kutentha kobisika sikunaphatikizidwe mu pulogalamuyi, ndipo n'zomveka kuti ndi mamolekyu ochepa chonchi n'kovuta kusonyeza malire akuthwa a pakati pa mikhalidwe. Vuto n'lakuti ophunzira ambiri sawerenga malangizo a aphunzitsi. Wophunzira amene waseweretsa pulogalamuyi payekha adzachoka akukhulupirira kuti kuthira kutentha nthawi zonse kumakweza choyezera, pamene phunziro lonse la kusintha kwa mikhalidwe lagona pa kusiyanitsa mphamvu ya kutentha ndi mlingo wa kutentha. Komanso, chifukwa malirewo ndi osakuthwa, munthu sangagwiritse ntchito pulogalamuyi kupeza mlingo weniweni umene agoni kapena okosijeni imasungunukira. Adzangopeza chigawo cha madigiri angapo mmene zinthu zikuoneka kuti zikusintha. Mankhwala a vutoli ndi osavuta: kapu, ayezi wophwanyidwa, choyezera kutentha chenicheni ndi wotchi, n'kumalemba mlingo mphindi iliyonse. Ophunzira akajambula okha mzere umene wagona pa 0 °C, abwerere ku pulogalamuyi n'kufunsidwa kuti pa nthawi imene mzere unagona ija mamolekyu ankatani. Zikagwiritsidwa ntchito motsatizana chonchi, chilichonse chimakwaniritsa chimene chinzake chikusowa.

Pali zina zimene wogwiritsa ntchito ayenera kuzikumbukira zokhudza kukula kwa zinthu. Mamolekyu a pa sikirini sapitirira mazana ochepa, pamene mu magalamu 18 a madzi muli mamolekyu okwana 6 yotsatiridwa ndi maziro 23. Liwiro lawo lachepetsedwa kwambiri kuti maso athe kuwatsatira. Molekyu yeniyeni ya okosijeni m'chipinda chofunda bwino imathamanga mamita pafupifupi 480 pa sekondi, kuposa liwiro la phokoso mu mpweya. Mpweya wa m'chidebemo umaonekanso wothithikana kuposa mmene umakhalira, pakuti lita imodzi ya madzi ikawira imatulutsa malita pafupifupi 1,700 a nthunzi, ndipo chidebe cha pa sikirini n'chachikulu kangapo chabe kuposa mulu wa cholimba. Utoto wa timipirato ndi wongosiyanitsira, atomu ilibe utoto. Ndipo mukaziziritsa mpaka pafupi ndi 0 K pa sikelo ya Kelvin, kumene ndi kuzizira kotsiriza kuja, maatomu amaoneka ngati aimiratu, zimene sizili choncho kwenikweni, chifukwa ngakhale pa kuzizira kotsiriza pamatsala kugwedezeka pang'ono. Hiliyamu, imene Heike Kamerlingh Onnes anaisandutsa yamadzimadzi koyamba ku Leiden mu 1908 pa 4.2 K, siundana n'komwe pa kupanikiza wamba chifukwa cha kugwedezeka kumeneku, mpaka itapanikizidwa ndi pafupifupi 25 atm.

Chigawo chachitatu, Interaction, n'cha ophunzira a msinkhu wokulirapo. Atomu imodzi imakhomedwa pamalo amodzi, ina mumaikoka n'kuisiya, ndipo mumaona mmene imakokedwera ikakhala pataliko ndi mmene imakankhidwira ikayandikira kwambiri, mogwirizana ndi masamu otchedwa ndi dzina la John Lennard-Jones, amene anayamba kuwalemba mu 1924. Chothandiza kwambiri pano ndi atomu yongopeka imene munthu amatha kusintha mphamvu yake yokokerana, ndipo imapezekanso m'chigawo chachiwiri. M'chigawo chachiwiricho, mukakweza mphamvu yokokerana osakhudza moto, mpweya umadziunjika n'kukhala chamadzimadzi, ndipo mukaitsitsa umabalalikanso. Kuyesa kumeneku sikungatheke m'labotale ina iliyonse, ndipo kumayankha mwachindunji funso lija la okosijeni ndi madzi. Plazima, mkhalidwe wachinayi wa zinthu, imene Irving Langmuir anaipatsa dzina mu 1928 ndipo ndiyo imapanga dzuwa, nyenyezi ndi mphezi, mulibemo, ngakhale kuti neoni imene ili pa mndandanda imadziwika kwambiri chifukwa cha kuwala kwake ikakhala mu mkhalidwe umenewu m'nyali za zikwangwani.

Pa kagwiritsidwe ntchito palibe zambiri zodandaula. Pulogalamuyi imatseguka pa tsamba la PhET popanda kulembetsa dzina, imagwira pa kompyuta, pa tabuleti ndi pa foni, ndipo munthu akhoza kuikopera kamodzi n'kumaigwiritsa ntchito popanda intaneti. Inamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, koma mawu ake ndi ochepa kwambiri moti ngakhale amene sadziwa bwino chilankhulo cha pa mabataniwo amazolowera msanga. Pa foni yaing'ono, chala chimaphimba zinthu zina pokoka chivundikiro kapena pampu, choncho sikirini yokulirapo ndiyo yabwino. Choyezera kutentha chimayamba chikuwerenga mu sikelo ya Kelvin, ndipo ndi bwino kuchisinthira ku Celsius musanapatse ana, apo ayi akaona 273 pa ayezi amene akusungunuka adzasokonezeka. Kwa ophunzira aang'ono palinso mtundu wina wofupikitsidwa wotchedwa States of Matter: Basics, umene uli ndi zigawo ziwiri zoyambirira zokha, ndipo ndi wokwanira pa zonse zimene amafunika pa msinkhu umenewo. Amene akufuna manambala olondola oti alembe mu lipoti la ntchito ya m'labotale, monga milingo yosungunukira, yowirira ndi majulo a kutentha kobisika, awatenge m'matebulo a m'mabuku a kemisitiri kapena adziyezere okha ndi zipangizo zenizeni.